Penate ya mlamu wanga

Ine sukulu ndinalekezera sitandade faifi, ndiye musayembekeze kuti ndifotokoza za mpira ngati anthu a pawailesi aja. Zochepa zimene ndimadziwa ndinaziphunzira ndili chiimire, chikwakwa chili m'manja. Kwathu ndi ku Mitundu, koma ndinakwatira ku Nathenje, ndipo ndimakhala komweko, pachikamwini. Nyumba ndinamanga ndine, malata ndinakhoma ndine, koma dothi limene yaimapo ndi la apongozi anga. Mkamwini akalakwa samukokera kubwalo ayi, amangomuuza kuti nyamula zako. Zimenezi muzigwire, chifukwa mantha anga onse anachokera pamenepo.

Ntchito ndimagwira pakoleji ina ya zaulimi kufupi ndi kwathu ku Mitundu. Ndimatchetcha udzu pabwalo la mpira, n'kuthira laimu m'mizere kuti izioneka. Lolemba ndimapalasa njinga kupita, Loweruka ndimabwerera kwa mkazi ndi ana. Ophunzira akamasewera ndimakhala pambali n'kumaonera oyimbira enieni, a makadi m'thumba. Tsiku lina ndinaona zodabwitsa. Munthu anamenya penate, mpira unagunda mtengo wa golo n'kumubwerera, iye n'kuwumenyanso, n'kulowa. Woyimbira anakana chigolicho. Nditafunsa, mphunzitsi wina anati womenya penate saloledwa kuwukhudza kawiri pokhapokha munthu wina atawukhudza kaye. Mtengo si munthu. Goloboyi akawukhudza, ndiye kuti chigoli n'chabwino. Ndinaseka, n'kuiwalako. Kapena ndinene kuti ndinkaganiza kuti ndaiwala.

Chaka china, titakolola, ophunzira aja anafuna timu ya kumudzi yoti ayeserepo mphamvu. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati kwa akazi anga kuli anyamata othamanga. Anabwera Loweruka masana paminibasi, nsapato zofanana, masokosi ofanana. Athu ena anali ndi nsapato, ena ayi. Bwalo lathu ndi la kusukulu ya pulayimale, magolo ake ndi mitengo ya bulugamu, opanda neti.

Kumudzi tili ndi kachitidwe kathu. Popeza palibe amene amakhulupirira mnzake, chigawo choyamba amayimbira munthu wa alendo, chachiwiri wa eni bwalo. Aliyense amadziwa chimene zimatanthauza, ngakhale sitinena mokweza: wanu atidyere koyamba, wathu atibwezere kumapeto. Choyamba anayimbira wophunzira wina wa magalasi, ndipo anapita kopuma atagoletsana chimodzi chimodzi. Kenako mlamu wanga, mchimwene wake wamng'ono wa mkazi wanga, amene amasewera kutsogolo, anandiponyera wezulo.

"Alamu, gwirani. Inu si mumagona ndi malamulo kukoleji?"

"Ine ndimangotchetcha," ndinatero.

"Tchetchani ano ndiye," anayankha akuloza alendo, anthu n'kuseka.

Ndikanakana pamenepo. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti bwanji sindinakane. Ndikuganiza kuti ndinakomedwa, chifukwa zaka zonsezo pamudzipo palibe anandipatsapo chinthu choti ndilamule.

Zinkayenda bwino mpaka chakumapeto. Wophunzira wina anagwira mpira ndi dzanja pafupi ndi golo, poonekera, ndipo ndinapereka penate popanda wotsutsa. Ndinawerenga mapazi, n'kuika mpira pansi. Anthu onse anasiya m'mbali n'kudzaunjikana kuseri kwa golo, amayi ndi ana kumsana, abambo a kumowa, mpaka ogulitsa nzimbe. Womenya anali mlamu wanga. Anathamanga, n'kumenya. Goloboyi anadziponya, fumbi koboo, mpira n'kumveka kho! pamtengo, n'kubwerera kwa mlamu wanga yemweyo. Iye osachedwa, anawuponyera mkati.

Ndiye apa ndi pamene sindimvetsa za ine mwini. Mutu usanaganize, pakamwa panali pataliza kale wezulo, dzanja lili m'mwamba kukana. Lamulo lija linangodzuka lokha.

Poyamba palibe anamva. Amayi anali atalowa kale m'bwalo akuvina, zitenje m'mwamba. Amene anaona dzanja langa anali ophunzira, ndipo anayamba kuwomba m'manja akuti, "Madala akudziwa! Madala akudziwa!" Kuwomba m'manja kumeneko ndi kumene kunandipha. Nyimbo inazima. Mlamu wanga anabwera akupuma mwamphamvu.

"Alamu, mwati chiyani?"

"Si chigoli. Mwawukhudza kawiri."

"Nanga ndikanawukhudza ndi chiyani? Walowa kapena sunalowe?"

"Walowa, koma mtengo si munthu."

Mawu amenewo kukoleji ankamveka anzeru. Pano anamveka ngati ndapenga. Wina anakuwa kuti, "Akuti mtengo si munthu! Tinkati ndi msuweni wake?" Ena anaseka, koma kunali kuseka kosaoneka mano. Wophunzira wina anatulutsa foni kuti aonetse lamulo, bambo wina n'kumuuza kuti ayibweze m'thumba isanagwe. Anthu anandizinga. Ndinkamva fungo la thukuta ndi kachasu, ndipo sindinkaonanso kunja kwa gulu. Kumbuyo kwanga mawu a munthu amene ndimamudziwa bwino, amene ndinamuthandizapo kufolera nyumba, anati, "Mkamwini ameneyu wadya za kwawo. Abwerere ku Mitundu." Chibuma chinandigunda paphewa. Sichinapweteke kwenikweni, koma ndinkaopa kugwa, chifukwa ndinaonapo kale chimene chimachitika munthu akagwa pakati pa gulu.

Anthu atatembenukira kwa ophunzira amene ankathamangira ku minibasi yawo, ndinaona mpata. Ndinadutsa m'munda wa mapesi, wezulo ikulendewera pakhosi. Kunyumba kwanga sindikanapita, akanandipeza ana akuona. Chimene chinali pafupi chinali chigafa cha fodya cha apongozi anga aakazi. Inu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sayandikizana, mukakumana panjira wina amapatuka. Zaka zonsezo sindinakhalepo nawo pansi pa denga limodzi. Tsiku limenelo ndinalowa chokwawa, n'kubisala kuseri kwa mulu wa mapesi, osadziwa kuti iwo ali pakhomo pomwepo, akutong'ola chimanga m'lichero.

Sanatembenuke. Anangokonza mpango kumutu, n'kupitiriza kutong'ola.

Anyamata anafika asanu kapena asanu ndi mmodzi, mlamu wanga ali patsogolo. Ndinkawaona miyendo yokha.

"Amayi, alamu adutsa pano?"

"Ali m'katimu," anatero apongozi. "Ukufuna ulowe? Udumphe miyendo yangayi."

Palibe anasuntha.

"Atikaniza chigoli, amayi."

"Chigoli chimenecho ukanabwera nacho kuno tidye? Chimanga ichi anasenza ndani kuchokera kumunda, iwe kapena iwowo? Chokani, mukundiponderapo."

Anachoka akung'ung'udza. Ine ndinakhalabe m'menemo, mapesi akundiyabwa, osayerekeza kutsokomola. Patapita nthawi apongozi analankhula, nkhope ili kumunda ngati akuuza nkhuku.

"Munthu wobwera salamula masewera a eni mudzi. Kachitsulo kali pakhosiko kasiyidwe pomwepo."

Ndinavula wezulo n'kuyikoleka pamsomali wa chigafa. Ndikukhulupirira ikadali pomwepo.

Sanandithamangitse. Koma mlamu wanga anatha miyezi osandipatsa moni, ndipo ndikamadutsa pamsika wa Nathenje anyamata a kabaza ankakuwa kuti, "Mtengo si munthu!" Ndinkapirira, chifukwa mumtima ndinkati ndinayimba zoona. Kenako mphunzitsi wa pulayimale anawauza kuti lamulolo lilipodi, ndipo zinthu zinayamba kuzizira. Mlamu wanga anabwera yekha kudzabwereka pampu ya njinga, n'kunena kuti, "Alamu, zija zinatha." Ndinagona bwino sabata imeneyo.

Ndiye tsiku lina ndikuthira laimu kukoleji, goloboyi uja anandipeza. Mwana wabwinobwino, waulemu.

"Madala, munatipulumutsa tsiku lija," anatero akuseka. "Koma mukudziwa? Mpira uja ndinawukhudza. Chala ichi, musanamve kugunda mtengo. Chinatupa masiku atatu."

Anandionetsa chalacho ngati akundipatsa mphatso, n'kumapita. Ine ndinatsala nditagwira chitini cha laimu, mzere utakhota. Ngati anawukhudza, ndiye kuti chigoli cha mlamu wanga chinali chabwino. Lamulo ndinkalidziwa, inde, koma chala sindinachione. Munali fumbi. Ndipo kunena zoona, sindinayang'ane n'komwe, ndinathamangira kuonetsa kuti ndikudziwa.

Loweruka ndinauza mkazi wanga tili awiri kudimba. Anasiya kuthirira.

"Mwauza ndani wina?"

"Palibe."

"Bambo a ana, amayi anakutchingirani chifukwa ankati mwalakwiridwa ndinu. Mukakanena zimenezi, muyambe mwamanga katundu panjinga."

Sindinanene. Mlamu wanga pano tikudyera mbale imodzi, ndipo akaledzera amauza anthu kuti alamu ake amadziwa malamulo kuposa a pawailesi. Ine ndimangoweramitsa mutu. Goloboyi uja anamaliza sukulu, sindikudziwa kumene ali, koma ndinamva kuti ophunzira ambiri a pakolejipo amapeza ntchito zoyendera alimi m'midzi. Ndiye njinga yamoto ikaima pamudzi pathu, munthu wachilendo n'kuyamba kuvula chipewa chake, ine ndimasiya chimene ndikuchita, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba kaye mpaka nditamva mawu ake kuti si goloboyi uja.