Kanyenyezi ka pamwamba pa thanki

Anthu a mumsewu umenewo ankawatcha a Mphindi, chifukwa aliyense wobwera ndi wotchi yakufa ankamuuza mawu amodzimodzi: “Dikirani mphindi imodzi.” Mphindiyo nthawi zina inkakwana sabata, koma palibe ankadandaula, poti wotchi ikachoka m’manja mwawo inkayenda ngati yatsopano. Malo awo anali pakhonde la sitolo ya nsalu: kabokosi ka galasi, kampando kopanda chotsamira, ndi tizitini todzaza tisikuluwu tating’ono kuposa mchenga. Anakhala pamenepo zaka makumi anayi, galasi lokuzira zinthu lili padiso lamanja. Chuma chawo chonse chinali maso.

Akazi awo anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo a Mphindi ankawaitana kuti Aphunzitsi ngakhale pokangana. Mayiwo anali ndi kope lolembamo za nyenyezi. Miyezi yozizira, kukangoda, ankakokera amuna awo kuseri kwa nyumba n’kuwalozera pamwamba pa thanki ya madzi. Pakati pa nyenyezi ziwiri zowala panali kanyenyezi kena kofooka, kongochita kukapempha kuti kaoneke.

“Bwanji osasankha yowalayo?” a Mphindi anafunsa tsiku loyamba.

“Zowalazo eni ake ndi ambiri. Aka n’kathu.”

Aphunzitsi sankatha kuloza chinthu osachiphunzitsa. Anafotokoza kuti akatswiri amayeza kuwala kwa nyenyezi ndi manambala, ndipo nambala ikamakula ndiye kuti kuwala kukuchepa. Diso labwino limalekezera pa 6, kawo kanali pa 5.7. Amazigawanso m’magulu potengera kutentha, ndipo kameneka kanali ka gulu la K, la nyenyezi za mtundu wa lalanje, zozizirirapo poyerekeza ndi dzuwa. Kuchepako kunali kwa mtunda chabe, pakuti kuwala kwake kumayenda zaka zoposa mazana atatu kuti kufike kuno. Pakokha n’chimphona, m’mimba mwake kuposa dzuwa kakhumi ndi kamodzi, nyenyezi imene yafufuma ndi ukalamba.

“Ndiye ndi nkhalamba yonenepa,” anatero a Mphindi.

“Ngati inuyo m’tsogolomu. Komanso musamakayang’ane mwachindunji, kamathawa. Ponyani diso pambali pang’ono, kabwera kokha.”

Aphunzitsi atamwalira, nyumba inakula. Mawotchi asanu ndi awiri apakhoma ankalira usana ndi usiku, koma panalibe woyankhula naye. A Mphindi ankaphika mumphika womwe uja wa anthu awiri, chotsala n’kudya m’mawa mwake. Anasungulumwa kwambiri, ngakhale sanauze munthu. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankakhala kutali ndi banja lake, anawapempha kuti atseke ntchito akakhale naye. Anakana kwamtuwagalu.

“Bambo, maso amatha. Mudzawononga wotchi ya mwini.”

“Maso anga ali ndi woyeza wake. Tsiku limene kanyenyezi ka mayi ako kadzandisowe, ndidzatseka kabokosi ndekha, ndibwere.”

Lonjezo limenelo analipereka mosavuta, poti nthawiyo ankakapeza msangamsanga. Chaka chilichonse kuzizira kukayamba ankaimba foni: “Ndakaona.” Mwanayo ankangoti, “Chabwino, bambo.”

Chakudza sichiyimba ng’oma. Tisikuluwu tinayamba kugwa pansi n’kusowa. A Mphindi anati tisikuluwu ta masiku ano ntoterera. Chaka chomwecho anthu a galaja yoyandikana nawo anaimika mlongoti wa getsi lalikulu, lowala mpaka kuseri kwa nyumba yawo, ndipo kanyenyezi kanazimirira. Kunena zoona, a Mphindi analikonda getsi limenelo ngakhale ankalinyoza tsiku ndi tsiku. Linawapatsa chonamizira. Zaka ziwiri anaimba foni kuti, “Getsi la agalaja likutchinga, koma kalipo,” ndipo sikunali kunama kwenikweni.

Tsiku lina m’nyengo yozizira, cha m’ma seveni madzulo, magetsi anathima dera lonse. A Mphindi anali akutsuka mbale yawo imodzi. Anaima kaye, manja ali m’madzi. Akanatha kungokhala m’nyumba, palibe akanadziwa. Koma munthu amene wathera moyo wake kukonza mawotchi onama sapirira bodza nthawi yaitali. Anapukuta manja n’kutuluka.

Kumwamba kunali mbee, kopanda mtambo. Nyenyezi ziwiri zowala zija zinalipo, ngakhale zinkaoneka ngati zanyowa. Anaponya diso kumanja pang’ono. Anaponya kumanzere. Anatsinzina, anapukuta maso ndi malaya, anayesanso. Pakati paja panali mdima wokhawokha.

Kuseri kwa mpanda kunamveka chifuwa. Anali a Sapato, mnansi wawo wosoka nsapato, wamkulu kwa iwo ndi zaka zisanu, amene anatuluka kudzasuta fodya.

“Achimwene, tabwerani kuno,” a Mphindi anaitana. “Pamwamba pa thankipo, pakati pa ziwiri zowalazo, mukuonapo kanthu?”

“Mwayamba kuwerenga nyenyezi? Mawotchi akuthawani?” A Sapato anaseka, n’kukweza mutu. “Palibe kanthu apa.”

Mtima wa a Mphindi unakhala pansi. Mwina ndi utsi, mwina ndi fumbi. Akanangothokoza n’kulowa m’nyumba, nkhani ikanathera pomwepo. Koma pakamwa pawo panatuluka mawu a Aphunzitsi.

“Musayang’ane mwachindunji. Ponyani diso pambali pang’ono.”

A Sapato anayesanso.

“Aa! Ako! Kakang’ono zedi, kakuchita ngati kakubisala. Inu munakadziwa bwanji kameneka?”

“N’ka gulu la K,” anatero a Mphindi. “N’chimphona. Kukula kwake kuposa dzuwa kakhumi ndi kamodzi.”

“Kameneka? Musandinamize. Inuyo mukukaona bwinobwino?”

“Ndikudziwa pamene kali.”

A Sapato anafuna kuseka, koma atawayang’ana anzawowo analeka, fodya n’kuzima yekha m’manja.

M’mawa mwake a Mphindi anapita pakhonde paja monga mwa masiku onse, koma galasi lokuzira sanalivale. Mawotchi anayi amene anali asanakonzedwe anawakulunga m’mapepala, ndipo mwini aliyense akabwera ankamubwezera yake. Mayi wina anadabwa.

“Lero simunena kuti ndidikire mphindi imodzi?”

“Ayi mayi, musadikire.”

Masana anatseka kabokosi n’kuimba foni. Mwana wawo atayankha, a Mphindi anati, “Kalipo, mwanawe. A Sapato akaona dzulo. Kwanuko kuseri kwa nyumba kumada bwino? Ndibwera ndi kope la mayi ako. Uzidzandiyang’anira ndiwe.”