Ndinalakwa Posadikira Chidindo

Asipayi awiri, apolisi a boma la Apwitikizi, anafika Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Novembala, ndikutsuka bala la mlimi wina. Sanaodire. Wamkuluyo anati, "Infirimeru, a shefu akukufunani ku Vila." Ndinapempha kuti ndimange kaye balalo. Anakana.

Ndinali infirimeru, ndiko kuti namwino, ndipo ndinkagwira ndekha pa kachipatala ka kufupi ndi Lifidzi. Lamulo linali lakuti wodwala asatumizidwe kulikonse popanda giya, chikalata cha ulendo chodindidwa ndi a shefu, mkulu wa boma ku Vila Coutinho. Ngakhale kutsegula bokosi latsopano la mankhwala kunkafuna chilolezo cha anthu amene sanapondepo m'mudzi mwathu.

Sabata imodzi m'mbuyomo anandibweretsera mayi amene anavutika masiku awiri, mwana atapingasa m'mimba. Dokotala amene akanamupeza msanga anali kutsidya kwa malire, ku Dedza. Kupalasa njinga m'matope kukapempha giya, n'kudikiranso kuti a shefu adzuke ku tulo ta masana, kukanadya tsiku lathunthu. Ndinauza mwamuna wake kuti, "Mangani machila, mudzere ku Kalomwe. Akakugwirani, mutchule ine." Pobwerera anamugwiradi, ndipo ananditchula. Sindimuimba mlandu.

Ku Vila, wondifunsa anali mzungu wolankhula mofatsa. Ankafuna ndivomere kuti ndimatumiza anthu kwa ankhondo a m'tchire.

"Anakulamula ndani?"

"Palibe, Sinyoro. Mayiyo akanafa."

"Akanafa, tikanalemba," anatero. "Kuganiza si ntchito yako. Ngakhale ine ndimadikira mawu a ku Tete."

Kenaka anaitanitsa mbalamatodya, thabwa la mabowo lomenyera m'manja. Zinatenga masiku atatu. Mpaka nthawi yokolola, mabatani a malaya ankandimangira ndi akaidi anzanga.

Ananditumiza kundende ya ku Tete, kotentha, ine mwana wa kumapiri. Sindinaonekere pabwalo la milandu. Kumeneko mkaidi wina wakwathu anandiuza kuti mayi uja anachira, koma mwana anapitirira. Anatinso kachipatala anakakhoma, poti panalibe wina kwathu wololedwa kusankha wolowa m'malo mwanga, ndipo chikuku chitabuka anthu ankangoyang'ana loko pachitseko. Zimenezi zimandiwawa kuposa manja.

Patapita zaka ziwiri ndi theka, boma la ku Portugal linagwa. Mlonda anabwera makiyi ali m'chiuno.

"Ndamva pa wailesi kuti akaidi onga inu amasulidwa," anatero, "koma pepala silinafike."

Tinakhalanso masiku asanu ndi anayi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, mkulu wina amene ndinkagona naye pamphasa imodzi anamwalira ndi kamwazi, ali mfulu kale. Mlondayo analira nafe, makiyi ali pomwepo.

Chaka chotsatira mbendera yatsopano inakwera ku Ulongwe, dzina latsopano la Vila Coutinho, ndipo ndinavina monga wina aliyense. Koma anthu akamati ufulu, ine sindiyang'ana mbendera. Ndimafunsa ngati munthu amene wanyamula makiyi ali ndi mphamvu yotsegula.