Masofa Obwereka a Mayi Lufina

Mukafunsa kwa Champiti kuti ndani amadana ndi masofa, aliyense akulozerani kwa a Lufina, akazi awo a Goliati, nyumba ija ya malata adzimbiri kuseri kwa mjigo. Mayiwa akhala akunyoza masofa moyo wawo wonse. Ati amasunga nsikidzi. Ati amalemaza msana. Ati mlendo ukamukhazika pawofuwofu sachoka, amadikira mpaka nkhuku iphedwe. Ulaliki umenewu anthu anaumva kumjigo, kuchigayo, ngakhale pamaliro, moti ena anafika poukhulupirira.

Choona n'chakuti a Lufina ankawafuna masofawo mpaka mtima kuwawa. Matendawa anawayamba ali kamtsikana. Bambo awo anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi bulangete, chipewa ndi chifuwa, n'kulonjeza kuti mipando idzabwera ulendo wina. Ulendo winawo sunachitike. Tsiku lina Lufina anatumidwa kukasiya mazira kunyumba kwa aphunzitsi, ndipo poona kuti pabalaza palibe munthu, anakhala m'mphepete mwa sofa. Sanakhalitse. Mayi a panyumbapo anatulukira n'kukalipa kuti, "Tsika iwe, udetsa!" Anatsika, koma kufewa kuja sanakuiwale.

Atakula anakwatiwa ndi a Goliati, munthu wofatsa, wolima kachewere ndi chimanga, amene mpando wa ndalema umodzi unkawakwanira. Chaka chilichonse a Lufina ankati mumtima tikakolola tigula masofa, ndipo chaka chilichonse kunkabwera china: feteleza, fizi ya mwana wawo Sheila, denga lodontha, matenda. Tsiku la msika ku Nsipe ankayala kachewere wawo moyang'anana ndi kalipentala wina amene ankaika masofa ofiira m'mbali mwa msewu, atakutidwa ndi pulasitiki. Ankati malowo amawakonda chifukwa cha mthunzi, chonsecho panalibe mtengo ngakhale umodzi. Malonda akazizira ankawoloka, n'kudina khushoni ndi chala.

"Thonje lake n'lochepa ili," ankatero. "Mukuba anthu masana."

"Alamu, takhalani muyese," ankayankha kalipentalayo. "Kukhala n'kwaulere."

Sankakhala. Ankadziwa kuti akangokhala, kudzuka kudzavuta. Koma kunyumba, khoma limodzi la pabalaza ankalisiya lopanda kanthu, ndipo a Goliati akatsamiritsapo njinga inkakhala nkhani. M'sutikesi munali tinsalu toyera toyala pamasofa, toluka okha, timene anatibisa pansi pa yunifolomu ya Mvano.

Ndiye chaka china, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, kunabwera foni. Mlongo wawo Paison, amene anapita ku Joni kalekale ali mnyamata, anati akubwera kudzaona kumudzi pamodzi ndi mkazi wake wakomweko, dzina lake Nomsa. A Lufina anasangalala, kenako anayang'ana pabalaza pawo: mphasa, tebulo logwedera, ndalema. Mlamu wochokera kutali adzati Paison anabadwira kotani?

Kuno mlendo akamabwera kubwereka si nkhani. Anthu amabwerekana mbale, mabulangete, tambala, ngakhale sopo. A Lufina anapita kwa a Edna, mwana wa amayi awo aang'ono, mayi wamasiye amene amuna awo, omwe anali aphunzitsi, anawasiyira masofa abulauni otha pang'ono m'mikono.

"Mungondibwereka kwa sabata imodzi," anatero a Lufina. "Osati kuti ine ndimawafuna, ayi. Koma anthu a ku Joni mawondo awo sapindika."

"Tengani, achemwali," anayankha a Edna, akubisa kuseka.

"Koma pakamwa. Paison asamve."

"Ndalumbira. Amva kwa ndani?"

Masofa anasamuka pangolo m'mamawa. A Lufina anawapukuta, anawatsamiritsa kukhoma lija, n'kutulutsa tinsalu tawo. Tinakwana bwinobwino ngati anachita kuyeza. A Goliati anangoima pakhomo n'kunena kuti, "Amake Sheila, nsalu yobwereka siithetsa usiwa." Anauzidwa kuti ngati alibe chochita akadule udzu kubafa.

Alendo anafika, ndipo zonse zinayenda monga a Lufina anafunira. Nomsa anakhala, anasisita tinsalu tija, n'kulankhula chinenero cha kwawo chimene Paison anamasulira kuti akuyamikira nyumba yokongola. A Lufina anakhala pasofa lalitali, anawoloketsa miyendo, n'kumanena kuti akhululuke, mipandoyi ndi yakale. Tsiku limenelo msana sunalemale.

M'mawa mwake Paison anazungulira mudzi kupereka moni kwa abale, monga achitira munthu wobwera kuchokera kutali. Kwa a Edna anamuyalira mphasa. Anakhala, anayang'ana pabalaza pali mbee, pasimenti pakuoneka zipsera za miyendo ya mipando. Sanafunse kanthu, poti zoterezi munthu safunsa. Aliyense amadziwa zimene zimachitika bambo akamwalira: abale akuchimuna amabwera kudzalira, pobwerera n'kunyamula katundu. Paison anatuluka m'nyumbamo maso ali ofiira.

Masana lole yonyamula katundu wa anthu a ku Joni inalowa m'mudzi, ana akuithamangira. Inaima pakhomo pa a Lufina. Anyamata anatsitsa zikwama, njinga, matumba, kenako anayamba kumasula chinthu chachikulu chokutidwa ndi makatoni. Katoni imodzi itang'ambika panaoneka chikopa chakuda chonyezimira. Masofa a ku Nsipe aja pamenepa anali chabe.

"Dikirani, musatsitse," anatero Paison. Anatembenukira kwa a Lufina, anthu onse akumva. "Achemwali, ine sindinaiwale tsiku lija munabwera mukulira kuchokera kwa aphunzitsi. Awa ndinagulira inu. Koma ndapeza kuti Mulungu anakuonani kale, ndipo ndanyadira. Amene andimvetsa chisoni ndi a Edna. Anthu aja anawalanda zonse, mpaka pokhala. Ndiye ndimati, ngati inu mungalole, awa apite kwawoko."

Mudzi wonse unkadziwa kumene masofa abulauni anachokera, poti ngolo siyenda mobisa. A Goliati anatsokomola. A Edna, amene anali ataima pafupi ndi nkhokwe, anayang'anitsitsa a Lufina ndi maso owauza kuti lankhulani, ine ndinalumbira. Panangofunika mawu ochepa chabe, oti achimwene, ajawa ngobwereka. Paison akanaseka, anthu akanaseka, ndipo madzulo a Lufina akanakhala pachikopa chawochawo.

A Lufina anatsegula pakamwa. Ndiye anaona Nomsa akumwetulira pakhonde. Anaona amayi a kumjigo, amene kwa zaka zonsezi anawalalikira za nsikidzi, atasonkhana kudikira kuti amve. Akuluakulu sananame kuti manyazi anapha lambe.

"Mwaganiza bwino, achimwene," anatero a Lufina. "Nanga ife tikanawaika pati? Apatseni a Edna."

"Ndinadziwa," anatero Paison, atawagwira dzanja. "Mtima wanu ndi wa amayi weniweni. Simudziwa kusirira."

Misozi inatsika m'masaya mwa a Lufina, ndipo Paison anaganiza kuti mlongo wake wakumbukira malemu amayi awo. A Lufina anatsatira lole ija mpaka kwa a Edna. Anathandiza kulowetsa masofawo, anauza anyamata kuti asakhulitse kuchitseko, anasankha ngakhale khoma loyenera. Atadina khushoni ndi chala, chala chinalowa mpaka kubisika, ndipo kwa nthawi yoyamba anasowa chonyoza.

Alendo atabwerera ku Joni, a Edna anabwera okha, popanda ngolo.

"Achemwali, tiyeni tikonze. Achikopa aja ndi anu. Tumizani anyamata akatenge."

"Kuti Paison akadzapempha chithunzi pafoni mudzamuuze chiyani? Anapatsa inu pamaso pa anthu."

"Ndiye tengani abulauniwa akhale anu."

"Ine sindinapemphe munthu mipando."

A Edna anapuma mozama. Ankawadziwa bwino achemwali awowo. "Chabwino. Kwathu malo kulibe. Mungondisungirako."

"Kusunga kokha ndiye ndingathe," anayankha a Lufina.

Masofa abulauni akadali pomwepo mpaka lero, ndipo m'mudzi monse mulibe mipando yosamalidwa ngati imeneyo. Amapukutidwa m'mawa uliwonse. Dzuwa likalowera pazenera amafunditsidwa chitenje kuti asasuluke. Sheila akabwera ndi ana ake, anawo amadziwa kuti kumeneko sakwerako. A Edna anasiya kale kuwafunsa, ndipo akamauza anthu amati ndi a achemwali, koma a Lufina salola kuti zimenezo zinenedwe m'nyumba mwawo.

Tsiku lina a Goliati, atabwera kuchokera kudimba msana ukuwawa, anaiwala n'kudziponya pasofa lalitali. A Lufina anali pamphasa, atatsamira mwendo wa sofalo, akusankha nyemba. Sanakweze mawu, anangowagwira bondo.

"Tsikani, abambo," anatero. "Mudetsa za eni ake."