Ndege Inakana Kulira Abambo Ali M'kati

Abambo anabwera ku Joni chifukwa cha maso. Shuga anali atawadya pang'onopang'ono, ndiye achimwene anga, amene amasamalira maluwa m'nyumba za ku Montana, dera lina la ku Pitoliya, anawaitanitsa kuti madokotala a kuno awaone. Madokotala anawaonadi, n'kupukusa mitu. Diso lamanzere linali litapita kale. Lamanja linkaonabe, koma anatiuza mosapsatira kuti nalonso lili m'njira, silitenga nthawi. Basi yobwerera kumudzi inali ya Lamlungu, ndipo ine ndinatsala ndi Loweruka lokha.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangolandira kumene chiphaso choyendetsera ndege zing'onozing'ono. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: Abambo aone dziko ali m'mwamba, mwana wawo wamkazi atagwira chiwongolero, diso lija lisanazime. Ndinabwereka kandege ka mipando iwiri kusukulu komwe ndinaphunzira, pa kabwalo ka ndege ka kumpoto kwa mzinda. Ndinauza aliyense. Ngakhale mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kuno, pakona pathu ankadziwa kuti Loweruka ndikuulutsa Abambo.

Tsono muwadziwe Abambowo. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa lole yonyamula fodya, ndipo kwa iwo panalibe injini yachilendo pansi pano. Ya chigayo, ya pampu, ya njinga yamoto, zonse ankati n'zapachibale. Tsikulo anavala suti yakutchalitchi ndi tayi, dzuwa la ku Pitoliya likuswa mtengo.

Lamulo limati usanakweze munthu, umuuze momveka kuti asakhudze kanthu m'ndege. Mwana wa mzungu amangoti kwa bambo ake, "Musagwire chilichonse," nkhani yatha. Nanga ine? Ine amene ndinakula ndikugwada popereka madzi osamba m'manja, ndiyambe lero kuletsa Abambo ngati kamwana ka m'sitolo? Lilime linakana. Ndinazungulira, ndinakometsa, mpaka zimene zinatuluka n'zakuti, "Abambo, tizinthu ta kutsogoloku timakonda kukhala mmene tililimu."

"Ndamva, mayi," anatero.

Zimene anamvazo akudziwa ndi Mulungu.

Miyendo yawo sinkalola kuima nthawi yaitali, choncho ndinawakhazika m'kati, ndinawamanga lamba, ine n'kuyamba kuzungulira ndege monga timachitira nthawi zonse. Ndinayang'ana mapiko, matayala, oyilo, ndinakha petulo pang'ono m'kabotolo kuona ngati mulibe madzi. Zonse zinali bwino. Ndinakwera, ndinayatsa magetsi, ndinakuwa pawindo kuti anthu atalikire pulopela, n'kupotokola kiyi.

Pulopela inazungulira, kho kho kho, koma injini ziii.

Ndinayesanso. Chimodzimodzi. Kenako fungo la petulo linandimenya m'mphuno. Ndinati kapena ndaimwetsa mafuta ambiri ndekha, zimachitika, makamaka kukatentha chonchi. Mankhwala ake timawadziwa: umatseka mafuta ndi kachitsulo kofiira, umakankha mpaka kumapeto kachitsulo kakuda kopatsira moto, n'kuzungulitsa injini kuti ipume mpweya wokhawokha, iume. Ndinachita zimenezo. Inatsokomola kamodzi, ndege yonse inagwedezeka, kenako inafanso.

"Ikufuna kukankha imeneyi," anatero Abambo. "Itanani anyamata."

"Ndege sakankha, Abambo."

"Chilichonse cha matayala chimakankhidwa."

Sitata imatentha ukaiumiriza, umayenera kuipatsa mpata, ndiye ndinati m'malo mongokhala nditsike ndikaonenso kutsogolo. Ndinasuzumira polowera mpweya, poti mbalame za kuno zimamanga zisa paliponse. Munalibe kanthu. Ndinatsegula kachitseko ka pamwamba pa injini, ndinagwedeza mawaya opita ku mapulagi amene dzanja langa linkafikira, onse anali olimba. Ndinapita kuseri kwa phiko kukakhanso petulo, mwina madzi anabisala poyamba paja. Petulo anali woyera bwinobwino. Ndinapukuta thukuta, ndinadziuza kuti pofika pano mafuta owonjezera aja auma.

Nditakwera n'kupotokola kiyi, zinthu zinali zitaipiraipira. Ngakhale kutsokomola kuja kunalibe, ndipo fungo linali lochita kuwawa m'maso. Eish! Izi zinandizunguza mutu. Injini yomwa mafuta ambiri ukaisiya imauma, sionjezera yokha. Ndinayamba kuganiza zazikulu. Kodi kabureta ikudontha? Kodi magineto, tija timapereka moto ku mapulagi, tafa tonse tiwiri tsiku limodzi? Ndege imene inauluka dzulo lomweli, ine ndikuiona ndi maso angawa?

"Mapulagi amenewo," anatero Abambo. "Muwatulutse, muwawauleko pamoto pang'ono. Ife tinkatero pa Kasungu."

"Kuno saloleza, Abambo."

"Ndiye chifukwa chake zinthu zawo sizilira."

Ine mtima wanga ndi wapachala, onse ondidziwa angakuuzeni. Akanakhala munthu wina ndikanamutsitsa pomwepo. Koma ndinangoluma mano, ndinati, "Chabwino, Abambo," n'kutsikanso. Ndinatsika ndi kukwera mpaka malaya anamatirira pamsana. Ulendo uliwonse ndikaumitsa injini inkaonetsa kachiyembekezo, ndikatsika n'kubwerera inkakhala ngati sindinachite kanthu. Ndinaitukwana ndegeyo chamumtima m'zilankhulo zonse zimene ndaphunzira m'matekisi a mzinda uno. Kenako batire inayamba kutopa, pulopela ikuzungulira mwaulesi ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Kum'mwera mitambo inali itayamba kuunjikana. Aliyense wouluka kuno amadziwa kuti nyengo yotentha mabingu a masana sachedwa, ndipo akafika tindege tating'ono timamangidwa pansi.

Ndinameza manyazi n'kupita ku hangala, chinyumba chachikulu chokonzeramo ndege. Makaniko wa pamenepo ndi mzungu wachikulire wa Chibunu, tonse timangomutchula kuti oom, munthu wodziwa ntchito koma pakamwa pake palibe mabuleki. Anabwera akukoka kangolo ka batire, akung'ung'udza za ana asukulu opha mabatire ake. Atafika kutsogolo kwa ndege anaima. Anawerama. Pansi pa mphuno ya ndege petulo anali akudontha, tho, tho, ndipo pa phula panali kale kachithaphwi.

"Ag nee! Tulutsa madalawo msanga! Zimitsa chilichonse!"

Ndinawatsitsa Abambo mothamanga, chipewa chawo n'kugwa. Oom anali atafiira mpaka m'khosi. Anati kabureta ya ndege iyi ili pansi pa injini, ndipo ukakankha kachitsulo kakuda kaja injini isanalire, imalavula petulo amene alibe kopita, amangotsikira pansi n'kudikha. Injini ikanangobwezera moto kamodzi, bwenzi tikukamba zina.

"Munthu wakhala akupopa apa," anatero. "Osati kamodzi. Ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa, Abambo anandikodola. Anali ataima chilili, akukonza tayi, nkhope ili ya munthu amene wagwira ntchito yake mokhulupirika.

"Muuzeni mzunguyu kuti ife mbali yathu tayesetsa," anatero m'Chichewa. "Inu mukangotsika, ine ndimaipopa bwinobwino kachitsulo kakudako, kuti mukamabwera mupeze mafuta afika kale. Koma sakufika. Pali potseka penapake."

Mayo ine! Ndinamva kutentha kuchokera kuphazi mpaka kuliwombo. Thukuta lonse lija, kukwera ndi kutsika konse kuja, ine ndikuumitsa, iwo akunyowetsa! Ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kuwafunsa kuti kodi apa mwaona lole ya fodya? Safunsa anadya phula, mawu amenewa anafika pamilomo penipeni, ndipo ndinawabweza ndi mano.

"Madala akuti chiyani?" anafunsa oom.

Ndinkadziwa bwino mmene zithere. Ndikanena zoona, oom awakalipira Abambo pamaso pa ana asukulu amene anali atayamba kusonkhana, awaloza ndi chala, mwinanso kuseka, ndipo nkhani ya madala amene anapopa ndege ngati lole ikhala yoseketsa pabwalopo mpaka kalekale. Inenso andikalipira, koma injini aiumitsa, ndipo mwina tiuluka mvula isanafike. Ndikati ndine, ndiye kuti woyendetsa ndege wa chiphaso sadziwa chinthu chimene amaphunzitsa sabata yoyamba, ndipo munthu wotero sapatsidwa wokwera.

Ndinawayang'ana Abambo, suti yawo, diso lawo limodzi lija likuphethira padzuwa.

"Akuti kwatentha," ndinatero. "Ndapopa ndine, oom. Ndinasokonezeka."

Zimene ananena oom sindingazilembe. Anaitana mkulu wa aphunzitsi, mayi wodekha amene anandiphunzitsa yekha kutera. Iye sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anangondiyang'ana modabwa, n'kunena kuti ndisanyamule munthu aliyense mpaka nditaulukanso ndi mphunzitsi sabata yotsatira. Ndinapempha. Ndinafotokoza za maso, za basi ya mawa. Ndinati bwanji mphunzitsi wina awaulutse, ine nditsale pansi. Anati aphunzitsi onse ali ndi ana asukulu, ndege ina yopuma palibe, ndipo iyi oom ayenera kuichotsa mapulagi kaye. Tili m'kati molankhula, bingu loyamba linagunda.

Tinakwera tekisi yopita m'tauni. Mvula inkamenya denga, ine ndikuyang'ana pawindo, nditakwiyira Abambo, oom, ndege, lilime langa, ndi aliyense amene anatiphunzitsa kuti mkulu sauzidwa. Titatsika pa renki kuti tikwere ya ku Eersterust kumene achimwene amachita lendi, Abambo anandigwira mkono kuti ndiwaolotse msewu.

"Mzungu uja amakukalipira chifukwa cha ine?"

"Ayi, Abambo. Ndege inangovuta."

"Mmm," anatero. Munthu amene anayenda ndi mabwana achizungu zaka zonse zija, Chizungu ankachimva ndithu. Sanafunsenso, ndipo m'mawa mwake tinawaperekeza kubasi.

Sabata yotsatira ndinauluka ndi mphunzitsi. Injini inalira kamodzi n'kamodzi, yopanda ndi manyazi omwe. Ndinatsala pang'ono kuimenya khofi.

Diso lija linatseka miyezi ingapo pambuyo pake. Tsiku lina masana Amayi anandiimbira foni, kumbuyo kukumveka anthu ambiri, akuti a kutchalitchi abwera kudzawaona Abambo. Anati, "Bambo ako akufuna uwathandize nkhani." Ndinamva foni ikupatsirana, kenako mawu a Abambo, amphamvu ngati kale.

"Mayi, ndikuwauza anthuwa za tsiku lija munandiulutsa ku Joni. Ena akukayika. Tawauzani, magalimoto aja tinkawaona ngati chiyani?"

Ndiye kuti kumudzi konse akudziwa kuti mwana wawo anawaulutsa, ndipo palibe amene anamvapo za ndege yokana kulira.

"Ngati mabokosi a machesi, Abambo."

"Mwamva? Machesi!" Anthu anaseka, wina anaomba m'manja. "Nanga titangonyamuka paja?"

Ndinawauza. Ndinati titangonyamuka tinaona phiri lalitali lija lodutsa kumpoto kwa mzinda, ndi msewu waukulu wopita ku Polokwane utawongoka ngati chingwe. Ndinati nyumba za ku Montana zinali ndi maiwe osambiramo obiriwira kuseri kwake, pafupifupi nyumba iliyonse, ndipo tinayesa kupeza kumene achimwene amagwira ntchito koma tinalephera. Abambo ankangovomera, "Ndithu, ndithu, zoona zimenezo." Alendo aja anayamba kucheza zina, ndinamva makapu akulira, Amayi akuitana munthu panja. Ndinaganiza kuti tathana.

Kenako Abambo anatsitsa mawu, pakamwa pali pafupi ndi foni, kuti ndimve ine ndekha.

"Musadule, mayi. Mbali yanga ija, kumanja, kunali chiyani?"