Dzina Limene Linakwera Sitima ya ku Hawaii

Manong Pering, ngati kunena achimwene Pering, ndinawaona koyamba m'chaka cha 1968, nyengo yokolola adyo. Ndinali nditangofika m'tauni muno ndi nyundo ndi matchizulo a malemu bambo anga, n'kumanga kachisakasa kuseri kwa tchalitchi, pamene ndakhala ndikugoba mayina a akufa pa nsangalabwi mpaka lero. Analowa chowerama, munthu wamtali, wouma ngati nsungwi, nkhata ya adyo ili paphewa.

"Ndiwe Imong, mmisiri watsopano uja? Akuti zilembo zako sizipendekeka."

"Zimapendekeka ndikamwa, Manong."

"Ndiye za bambo anga ugobe m'mawa."

Ankafuna mwala wa bambo awo, Gregorio Pagdilao, amene asilikali a ku Japan anawatenga nthawi ya nkhondo kuti akasenze katundu kumapiri, osabwereranso. Manda analipo, koma munalibe mtembo. Tsiku logoba anakhala pa chitsa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, maso ali pa tchizulo. Nditamaliza anandifunsa funso limene sindinalilabadire.

"Ukalakwitsa dzina, umafufuta bwanji?"

"Silifufutika, Manong. Umaswa mwalawo n'kuyamba wina."

Anagwedeza mutu, nandisiyira adyo uja, n'kumapita.

Mbiri ya banjali tonse tinkaidziwa, kapena tinkayesa kuti tikuidziwa. Gregorio anasiya mkazi, amene tinkamutcha Apong Siling, kutanthauza agogo Siling, ndi ana aamuna awiri. Wamkulu, Florentino, amene ankamutcha Tinong, anakwera sitima padoko la Salomague m'chaka cha 1946 kukadula nzimbe ku Hawaii. Wamng'ono, Ceferino, ndiye Pering wathuyu, amene anatsala ndi mayi ndi njati yoweta yolimira. Anasamukira kuno kuchokera kumudzi wina wa m'mapiri chaka chomwecho, motero panalibe amene anawadziwa anyamatawo ali ana.

Manong Pering anali munthu wa nthaka. Mvula ikagwa, mpunga. Kukauma, adyo ndi fodya. Anakwatira Manang Luming, ngati kunena achemwali Luming, mkazi wakuseka mokweza, nabereka ana anayi. Atatu anabalalikira ku Manila ndi kunja, natsala Conching, mphunzitsi wa kusukulu ya pulaimale. Manong Pering sankakonda kusaina pepala, ankati dzanja lawo linazolowera chingwe cha njati. Tsiku lawo lobadwa, m'mwezi wa Ogasiti, linkadutsa mwakachetechete ngati tsiku lina lililonse. Koma pa 14 Malichi, tsiku lobadwa la Tinong, Apong Siling ankaphika pansit, zingwe zazitali za ufa zija timadya kuti moyo utalike, ndipo mbale yaikulu ankaiika patsogolo pa Pering.

"Idya m'malo mwa mkulu wako," ankatero.

Ife tinkati, koma mayi ameneyu amamukonda mwana wake wa kutali.

Wa ku Hawaii uja anabwera kamodzi kokha, m'chaka cha 1975, ndi mabokosi a nyama ya m'zitini, sopo wonunkhira ndi wotchi ya aliyense. Tauni yonse inakhamukira kwa a Pagdilao. Anali wonenepa, wosalala, tsitsi lakuda bii, pamene Pering anali atayamba kale imvi. Manang Luming sanachedwe kunena zimene tonse tinkaganiza.

"Taonani, wamkulu akuoneka mwana, wanga yu akuoneka agogo ake. Pering, bwanji sunakwere ndiwe sitima ija?"

Tinaseka mpaka misozi. Abale awiriwo sanaseke.

Kwathu kuno wamng'ono satchula mkulu wake dzina lokha, amayamba ndi Manong, ndipo mkulu amamuti Ading. Pering ankachita monga mwa mwambo: Manong Tinong khalani apa, Manong Tinong yambani ndinu. Koma mlendoyo sankatambasula dzanja ku chakudya Pering asanayambe. Ndipo tsiku lina masana, tikumwa vinyo wa nzimbe pansi pa mtengo wa mango, ndinamumva ndi makutu angawa akuuza Pering kuti, "Manong, tandipatsirani kapuyo." Kenako mmodzi wa ife anati, "Ku Amereka anakuiwalitsa ndi kuwerenga komwe? Iwe ndiwe wamkulu." Mlendoyo anaseka mouma, nati vinyo wamulowa m'mutu.

Apong Siling anamwalira m'chaka cha 1981. Ndinalipo pamodzi ndi amayi a mapemphero masana amenewo. Mawu anali atawathera kwa masiku awiri, koma cha kumapeto anatsegula maso nayamba kuitana, "Tinong. Tinong, mwana wanga." Amayi aja analira, akuti taonani akufuna mwana wawo wa ku Hawaii. Pering anali atagwada pambali pa bedi, dzanja la mayi ake lili m'manja mwake, mutu uli pansi. Wina anamugwira paphewa nati, "Musadandaule kuti sakutchula inu, mayi amalira mwana amene palibe."

Mawu amenewo ananena ndine. Ndakhala ndikuwabwereza mumtima zaka zonsezi.

Panapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Manang Luming anatsogola, njati inagulitsidwa, munda anatenga adzukulu. M'chaka cha 2009 kunafika uthenga woti wa ku Hawaii wamwalira, ndipo anasiya mawu akuti phulusa lake likaikidwe kwawo, pafupi ndi mayi ake. Analibweretsa mdzukulu wake Darlene, namwino wa ku Honolulu, wolankhula chinenero chathu mopunthwapunthwa, ali ndi kamwana kakamuna ka zaka zitatu. Anabwera kuchisakasa kwanga ndi Conching, nandipatsa kapepala: FLORENTINO PAGDILAO, 14 Malichi 1925 mpaka 2 Juni 2009.

M'mawa mwake ndinayamba kugoba. Ndinali nditafika pa chilembo chachisanu ndi chimodzi pamene Manong Pering analowa ndi ndodo yawo, nakhala pa chitsa chomwe chija. Anayang'ana mwalawo nthawi yaitali.

"Tsikulo walondola," anatero. "Mayi ankati ndinabadwa adyo ali padzuwa."

"Mkulu wanu, mukutanthauza."

"Ine, Imong. Dzina ukugobalo ndi langa."

Ndinaganiza kuti ukalamba wawasokoneza. Ndinati, "Manong, mwadya m'mawa uno?"

"Ndadya. Ika nyundoyo pansi, ungadzipweteke."

Ndinaika. Ndipo anandisimbira, mawu ali phee ngati akunena za mtengo wa fodya. Olemba anthu ntchito a ku Hawaii atafika, ankafuna amuna opitirira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, a zikhatho zokakala, okhala ndi pepala la ubatizo. Florentino anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo anamulemba. Atafika kunyumba ndi nkhaniyo, mayi ake anakhala pansi padothi nati, "Bambo ako ananditengera asilikali, iwe akunditengera a nzimbe. Njatiyi aigwira ndani?" Ceferino anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wamsinkhu koma wosatha kuongola mzere wa pulawo. Ndiye amene anasolola pepala la mkulu wake pansi pa fano la Mayi Maria, nati, "Pepalali lilibe chithunzi. Ndipita ine."

"Atakwera sitima, mayi anagwidwa ndi mantha," anapitiriza. "Ankati munthu mmodzi sangakhale malo awiri. Boma likadzamva kuti Florentino ali kuno, mwanayo amubweza atamumanga. Ndiye anandikhazika pansi nati, kuyambira lero ndiwe Pering. Ukadzayankha dzina linalo, wamupha mng'ono wako. Tinasamuka mwezi womwewo."

"Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu," ndinatero.

"Tinkati zikhala zaka zitatu, akamaliza pangano tibwezerana. Koma iye anakwatira ndi dzinalo, ana anabadwira m'dzinalo, mapepala a dziko lija anatengera dzinalo. Bodza likabereka ana sulipha."

"Nanga Manang Luming?"

"Anapita osadziwa. Anakwatiwa ndi Ceferino, anaikidwa ali mkazi wa Ceferino."

Pamenepo ndinakumbukira masana aja a 1981, ndipo ndinakhala pa mwala wa munthu wina. "Ndiye Apong Siling ankaitana inu. Munali pomwepo."

"Ndinali pomwepo. Ndinafinya dzanja. Ndikhulupirira anamva."

Sindinagobenso tsiku limenelo. Mwalawo unatsala ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, FLOREN, ndipo maliro anali patangotsala masiku anayi. Ndinawauza kuti ine sindingapitirize banja lisanamve, chifukwa mwala sufufutika.

Manong Pering anauza banjalo masana patebulo, mbale zisanachotsedwe. Ine anandiitana kuti ndikhale mboni. Conching, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, anangogwira supuni m'mwamba.

"Tata, ndalemba dzina lanu pa mapepala moyo wanga wonse. Ndinkalemba la ndani?"

"La bambo ako aakulu... ayi, la bambo ako aang'ono."

"Ndiye ine ndine mwana wa ndani?"

"Wa amene anakulimira mpunga. Ameneyo sanasinthe."

Darlene anafuna kuti amubwerezere pang'onopang'ono. Atamvetsa, anakokera kamwana kake pamiyendo. "Uyu tinamutcha Florentino," anatero, "dzina la agogo. Bambo anganso ndi Florentino. Ndiye tonse tili ndi dzina lobwereka?" Kenako anati, "N'chifukwa chake agogo sankalola kuti tiwaimbire pa tsiku lawo lobadwa. Ankatuluka n'kukakhala m'galimoto."

Mkangano unali pa mwala. Conching ankati uswedwe, pagobedwe Ceferino, bambo ake abwezeredwe dzina lawo akadali ndi moyo. "Mukufuna muzidutsa pamanda n'kumawerenga kuti munafa?" Darlene ankalira, akuti ku Hawaii kuli ana asanu ndi adzukulu khumi ndi awiri amene adzabwera kudzafuna manda a Florentino, nanga adzawauza chiyani. Onse anatembenukira kwa nkhalambayo.

Iwo anali akupapasa mutu wa kamwana kaja. "Dzinali ine ndinakhala nalo zaka makumi awiri ndi chimodzi," anatero. "Iye walisenza zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, walidulira nzimbe, lamutupitsa manja. Ine linanditenthapo dzuwa liti? Maliza mwalawo, Imong. Koma kuseri kwake, mbali yoyang'ana m'kati mwa manda, ugobe Ceferino, 9 Ogasiti 1930. Akadzadzuka tsiku lomaliza, adzawerenge dzina limene mayi anamupatsa."

Ndinagoba mbali zonse ziwiri. M'zaka zanga zonse za ntchito ndinali ndisanachitepo zotero. Pa tsiku la maliro anthu anaona dzina lakunja lokha, ndipo nkhalambayo inaima patsogolo pake, chipewa chili pachifuwa, ikuwerenga tsiku lake lobadwa pamwamba pa tsiku la imfa ya wina. Ine sindinathe kuyang'ana nthawi yaitali.

Nkhaniyi sinatuluke m'banjamo. Tauni inapitiriza kuwatcha Pering, ndipo iwo anapitiriza kuyankha. Chaka chilichonse pa tsiku la oyera mtima onse ankayatsa makandulo atatu: la bambo opanda mtembo, la mayi, ndi la mng'ono wawo.

Patapita zaka zitatu, miyendo itayamba kuwakana, Conching anawabweretsa kuchisakasa kwanga pa njinga yamoto ya kangolo. Ankafuna mwala wawo ugobedwe iwo akuona. Kunja Ceferino, pafupi ndi dzina la Luming, kuti mkazi wawo asadzadabwe mlendo. Kuseri, lawo lenileni.

"Ndipo ugobe m'mawa," anatero.

"Ndinasiya kumwa kalekale, Manong."

"Ndiye zilembo zako zikupendekekeranji?"

Nditamaliza ndinautembenuza mwalawo n'kuupukuta fumbi. Maso awo anali atafooka, motero anawerenga ndi chala, chilembo ndi chilembo, kuyambira pa F mpaka pa O. Anabwerezanso. Kenako anadzuka nagwira ndodo kuti azipita. Ali pakhomo, ndinawaitana.

"Manong Tinong."

Anaima, nacheukira kumsewu, ngati munthu wofuna kuona amene akubwera. Kumsewuko kunalibe munthu. Kenako anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono.

"Ukunena ine," anatero. "Tabwereza, Ading. Koma usakweze mawu."