Bala la Tcheni Limene Ndinabisa

Chizindikiro choyamba chinaoneka Lolemba m'mawa, tikumwa tiyi. Abambo anatenga mbatata, anaifikitsa pakamwa, kenako anaibwezera m'mbale. Anati nsagwada zawauma, mwina ndi mphepo ya panjinga. Amayi anawauza kuti azimanga mpango. Ine ndinayang'ana chala chawo cholozera cha kumanja. Madzulo ndinalemba m'kope langa kuti: "Tsiku lachisanu ndi chitatu. Pakamwa sipakutseguka bwino."

Dzina langa ndine Tadala, ndili Fomu 2, ndipo timakhala m'nyumba ya lendi ku Area 23. Sindine wolankhula kwambiri. Zambiri zimene ndimalephera kunena ndimazilemba. Izi ndalemba kuti wina asachite zimene tinachita ife.

Abambo ankanyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Ntchito itatha anagula njinga yamoto yakale kuti ayambe kabaza. Amayi sanagwirizane nazo. Ankati, "Kuphunzira njinga ndi imvi kumutu? Mudzatibweretsera maliro pano." Patatha miyezi iwiri tcheni chinayamba kulira ndi kuvuka m'maenje, ndipo anzawo a pasiteji ankawaseka kuti, "Madala, njinga yanu imayamba kufika ndi phokoso, inu pambuyo." Abambo anagula tcheni chatsopano n'kunena kuti asintha okha, popeza anali ataonera pafoni mmene amachitira.

Linali Lamulungu masana, amayi ali ku kwaya. Abambo anaimika njinga pa sitandi yapakati, pabwalo pamene mbuzi za alandilodi zimagona. Anamasula nati yaikulu ya tayala lakumbuyo, anachotsa tcheni chakale n'kukoleka chatsopano. Ankandifotokozera mosangalala zimene iwonso anali atangophunzira kumene. Kachitsulo kotsekera polumikizira kali ndi mbali yotseka, ndipo mbali imeneyo iyang'ane kumene tcheni chikulowera. Timanati tokokera tayala timangidwe mofanana uku ndi uku, apo ayi tayala limapendama. Tcheni chisakungike kwambiri, chizisewera pang'ono, mulingo wa zala ziwiri. Anatinso tcheni sichikungika mofanana paliponse, choncho pamafunika kuzunguliza tayala kuti upeze pamene chalimba. Ntchito yanga inali imeneyo, iwo akuyesa ndi chala.

"Zunguliza, Tada," anatero.

Ndinazunguliza. Chala chawo chinali pafupi ndi sipuloketi, gudumu la mano limene tcheni chimayendapo, ndipo chinakokeredwa mkati. Phokoso lake silinali lalikulu. Linali ngati la phesi louma likamathyoka. Ndimalimvabe mpaka lero.

Bala linali laling'ono koma lakuya, lodzaza girisi wakuda ndi dothi la pabwalo. Abambo anathirapo mafuta a mabuleki, monga amachitira anzawo a pasiteji, amene amati amaumitsa bala msanga. Anamanga ndi kansanza kopukutira zitsulo.

"Usawauze amako mmene zakhalira. Ayamba zoti ndinanena ine."

Kwa amayi anati angokandika. Ine ndinakondwa mumtima kuti sadziwa kuti tayala ndinazunguliza ndine. Patatha masiku ochepa bala linatseka pamwamba, panangotsala kankhanambo kakuda.

Nsagwada zitauma Lolemba lija, Lachiwiri khosi nalo linauma, koma anapitabe kuntchito. Lachitatu analephera kumeza madzi. Nkhope yawo inakokeka ngati akuseka, mano onse pamtunda, pamene maso anali odzaza mantha. Sindinathe kuwayang'ana nthawi yaitali. Azakhali, mlongo wawo wa abambo, anabwera kuchokera ku Kaliyeka n'kunena kuti ndi nsanje ya anthu a pasiteji. Anabweretsa azimayi atatu oti apemphere. Atangoyamba kuwomba m'manja, thupi la abambo linakungika lonse, msana n'kupindika mpaka kuchoka pamphasa. Akasiya kuwomba linkafewa, akayambanso linkakungika. Amayi anaimirira n'kunena kuti, "Basi, kapemphereni panja. Ine ndikukafuna galimoto."

Ku chipatala chaching'ono sanatisunge, anatitumiza ku chachikulu. Kumeneko anesi anafunsa ngati wodwala anavulalapo posachedwa.

"Ayi, anangokandika pachala, panapola kale," anatero amayi.

Abambo sankatha kulankhula. Anangonditembenuzira maso, ndipo sindinadziwe ngati akundiletsa kapena akundipempha. Ndinali ndi chikwama changa cha kusukulu, choncho ndinatulutsa kope lija, ndinatsegula tsamba la Lamulungu n'kuwapatsa anesi. Anawerenga zonse, mpaka pamene ndinalemba kuti "ndine ndinazunguliza". Anawerengera masiku pazala n'kuitana adokotala.

Adokotala anati ndi kafumbata. Anatifotokozera kuti tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo timakonda bala lakuya lotseka pamwamba. "Mafuta a mabuleki si mankhwala," anatero. "Chala ichi titsegulanso kuti tichotse zoipa zili mkati. Mwana watithandiza kudziwa poyambira." Amayi atafunsa ngati achira, adokotala anati ayesetsa, koma matendawa amapha, ndipo masabata awiri oyamba ndiwo ovuta.

Anawagoneka m'kachipinda kaokha. Mawindo anatchingidwa ndi mabulangete, chifukwa kuwala, phokoso ngakhale kuwakhudza kunkayambitsa kukungika. Anawaika diripi, ankawabaya mankhwala ofewetsa thupi, ndipo phala lamadzimadzi linkadutsa pa kapaipi ka m'mphuno. Amayi ndiwo anali gadiyani, ankagona pansi pa chitenje. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkakwera minibasi kukapereka zovala zochapa ndi chakudya cha amayi. Ndinkavula nsapato pakhomo n'kulowa ngati wakuba. Anesi anandipatsa pepala kuti ndizilemba kamzere nthawi iliyonse abambo akakungika, amayi akapita kukasamba. Tsiku lina ndinalemba timizere khumi ndi tiwiri ola limodzi lisanathe.

Chimene chinkandiopsa kwambiri chinali njinga za kabaza zodikira anthu kugeti. Wina akangoliza injini, ndinkayang'ana abambo n'kuyamba kudikira. Nthawi zambiri kukungika kunkabwera. M'kati mwa mdima uja ndinkangoona mano awo. Sabata yachiwiri anasiya kupuma kwa kanthawi, milomo inada, ndipo anesi anatitulutsa. Tinakhala pabenchi ine ndi amayi osayang'anana. Za m'kope zija anali atazimva, koma sanandikalipire. Tsiku limenelo anangoti, "Ukanandiuza, mwanawe." Ndikanakonda akanandimenya.

Sabata yachitatu timizere tinayamba kuchepa. Lachisanu lake supuni yaing'ono inalowa pakati pa mano awo. Sabata yachinayi anachotsa kapaipi, ndipo abambo anamwa phala okha, theka likutayikira pachifuwa. Bulangete limodzi linachotsedwa pawindo. Anaphunziranso kuyenda atagwira khoma, miyendo ili gwa ngati ya munthu wokalamba. Anatuluka patatha masabata asanu. Asanatuluke anawabaya katemera n'kuwalembera masiku obwereranso, chifukwa kudwala kafumbata sikuteteza munthu kuti asadzadwalenso. Anesi anati amayi ambiri amalandira katemerayu kusikelo, koma azibambo amangoyenda osamudziwa.

Tsopano papita miyezi inayi. Abambo amadya chilichonse ndipo thupi labwerera, ngakhale msana umawauma m'mawa kukazizira. Chala chija sichipindika mpaka kumapeto. Anayambiranso kabaza, maulendo afupiafupi a m'dera lathu. Tcheni amachiyesa ndi kamtengo, tayala litaima, ndipo akaona mnzawo akuthira mafuta a mabuleki pabala amamulanda botolo. Ena amawaseka kuti asanduka adokotala a pasiteji.

Ine sindinachire msanga ngati iwo. Njinga ikalira pafupi ndi kalasi ndimasiya kulemba n'kumadikira chinthu chimene sichibwera. Tsiku lina abambo anandipeza ndili chilili pakhonde. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Tayala unazunguliza chifukwa ndinakuuza. Kukhala chete ndinakuuzanso ndine. Mlandu ndi wanga, Tada." Ndinavomera ndi mutu. Za tayala ndawakhulupirira. Za masiku khumi amene ndinakhala chete, sindinafikebe powakhulupirira.

Kwa amene mwangoyamba kumene njinga, musaike chala pa tcheni tayala likuyenda, ngakhale injini itazima. Mukavulala, tsukani bala ndi madzi abwino ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za katemera wa kafumbata, ngakhale bala lioneke laling'ono. Nsagwada zikayamba kuuma musadikire mawa. Ndipo kwa anzanga amanyazi ngati ine, wamkulu akavulala n'kukuuzani kuti musanene, kaneneni. Adzakukwiyirani, koma adzakhala ali moyo.