Dzanja la Amita

Ophunzira anawapatsa dzina loti Amita chifukwa mita yoyezera magetsi sinkachoka m'thumba la jekete lawo, ngakhale popita kukadya. Anayang'anira labu ya zamagetsi pakoleji zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo lamulo lawo linali limodzi: chitsulo chowotcherera sichigwidwa ndi wophunzira. Wina anawotcha nacho tebulo kalekale, basi mlandu wake unagwera onse obwera m'mbuyo. Mwendo uliwonse wa tizipangizo pa kabodi kalikonse ka zamagetsi ankaumata ndi mtovu iwowo. Ntchito yawo inali yaudongo moti chinthu chikakana kugwira, ophunzira ankakayikira pulogalamu, batire, ngakhale wogulitsa sensa, koma osati pomwe padutsa dzanja la Amita.

Chaka china dzanjalo linayamba kunjenjemera. Kunyumba akazi awo anangosiya kuwadzazira kapu ya tiyi. Kuntchito Amita anayamba kuwotcherera atadzitsekera, chigongono atachitsamiritsa patebulo. Ankaopa kuti mkulu wa dipatimenti akadziwa awapumitsa ntchito, ndipo kunja kwa labu munthuyu sankadziwa kuti tsiku amalitani.

Lachiwiri la sabata ya mayeso kunalowa mtsikana wa chaka chomaliza atanyamula ndowa ya dothi. M'dothimo anazikamo sensa yoyeza chinyezi. Dothi likauma, kabodi kankayenera kuyatsa pampu yothirira. Oyesa ankabwera masana omwewo.

"Bambo, chinthuchi chapenga. Manambala akungodumpha, pampu ikuyaka dothi lili lonyowa. Pulogalamu ndailembanso katatu, sensa ndasintha, koma ayi ndithu."

"Waya wakuda walumikiza mbali zonse?"

"Ndalumikiza, bambo."

Amita anayeza magetsi, anali okwanira. Anachotsa pampu kuti aone ngati ndi imene ikusokoneza, manambala pa sikirini anadumphabe. Kenako anagogoda kabodi ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, manambala n'kukhazikika. Atagogodanso anabalalika. Apa anadziwa kale. Anatembenuza kabodi, ndipo pa mwendo wachitatu, wolandira uthenga wa sensa, mtovu unangokhala pamwamba, wotuwa, ngati dontho la kandulo.

Akanatha kumuuza mtsikanayo kuti akapume kaye panja, iwo n'kukonza mwakachetechete. Koma atanyamula chitsulo, nsonga yake inayamba kuvina m'mwamba, ndipo anaona kuti mtsikanayo waona. Manyazi anawagwira.

"Pulogalamu yako ilibe vuto, mwananga. Polakwika ndi apa, ndipo ndinamata ndine. Gwira."

"Ine, bambo? Si mumaletsa?"

"Ukufuna kukhoza mayeso kapena kukambirana malamulo? Tenthetsa mwendowo kaye, mtovu ubwere pambuyo. Werenga mpaka katatu. Chotsa."

Dontho la mtsikanayo linatuluka lalikulu, losaoneka bwino, koma linagwira. Manambala anaima. Mtsikanayo analumikizanso pampu ija. Atazula sensa m'dothi pampu inayaka, atabwezeretsa inazima. Anachita zimenezi kasanu, ngati sakukhulupirira, kenako anayamba kuthokoza mobwerezabwereza.

Amita sankamvanso. Maso awo anali pashelefu, pomwe panali timabodi khumi ndi tisanu ndi tiwiri ta ophunzira ena, todikira oyesa sabata yomweyo. Tonse tinadutsa m'manja mwawo miyezi itatu yapitayo. Mwina tambiri tinali bwino, mwinanso titatu kapena tinayi tikanakazima pamaso pa oyesa, eni ake n'kumadziimba mlandu okha. Ankadziwanso kuti nkhani imene yamveka ndi kalasi yonse sichedwa kufika ku ofesi ya mkulu wa dipatimenti.

Anayamba kutsitsa timabodito kamodzikamodzi, ndi manja onse awiri.

"Ukamatuluka, undiitanire anzako onse. Aliyense abwere adzayang'ane kunsi kwa kabodi kake."

"Ndikawauze kuti kwatani, bambo?"

"Ukawauze zimene waonazi."